Kodi Mawu Sadyedwa? Yankho kwa Mlakatuli wa pa Komboni ku Goromonzi

Unali mwezi wa Ogasiti, nyengo imene fodya wakale amakhala atagulitsidwa ku okushoni ndipo mbande za fodya watsopano zikubiriwira m'mabedi, pamene ndinapezeka pa maliro pa famu ina m'boma la Goromonzi, kum'mawa kwa mzinda wa Harare. Omwalirawo anali gogo wina amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo sanabwererenso kwawo. Atatha kuyankhula a mpingo, a bungwe la maliro ndi woimira banja, panaimirira mtsikana wa zaka ngati 20, mdzukulu wa malemuwo. Analibe pepala m'manja. Kwa mphindi zisanu analakatula ndakatulo m'Chichewa chosakanikira Chishona apa ndi apo, monga momwe ana obadwira m'mafamu amayankhulira.

Sanatame agogo ake ndi mawu okuluwika. Anangolondola ulendo wawo: kuchoka ku Dedza, kudutsa ku Tete, kuoloka Zambezi, kulowera cha ku Mutoko, kenaka kusamuka famu ndi famu. Anatchula phoso la ufa ndi nyemba, tikiti imene kapitawo ankachonga madzulo alionse, ndi nsapato zimene agogowo anasunga m'sutikesi zaka zoposa 60 kuti adzavale tsiku lobwerera kumudzi. Amayi amene anali atatonthola anayambanso kulira. Madoda amene ankakamba za mtengo wa feteleza kuseri kwa nyumba anasendera pafupi.

Titabwerako kumanda ndi kusamba m'manja, mtsikanayo anadza nagwada pafupi ndi pamene ndinakhala. "Agogo," iye anatero, "ndamva kuti inu mumalemba m'magazini. Kodi zimene ndachita apazi ndi ntchito kapena ndi chibwana chabe? Amayi akuti ndisiye, ndikafune ntchito ku mgodi kapena ndikagwire maganyu osankha fodya, chifukwa mawu sadyedwa." Ndinamuyankha mwachidule kuti, "Mdzukulu wanga, amayi ako sakunama, koma sananene zonse." Pa maliro si pochezera, choncho yankho lonse ndinalisunga. Lero ndikulipereka pano, kwa iye ndi kwa achinyamata ena a m'makomboni a ku Mashonaland amene ali ndi funso lomweli.

Anthu amene mbiri yawo ili pakamwa

Tiyambe ndi kukumbutsana za anthu amenewa. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ankapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a azungu. Msonkho ndiwo unkawathamangitsa kumudzi. Ena ankayenda pansi milungu ingapo, ena ankakwera malole a ulere amene boma la atsamunda linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo ena ankalembedwa ndi Mthandizi. Ambiri anabwerera, koma ambirinso anatchona. Anakwatira komweko, anabereka ana, ndipo ana awo anabereka adzukulu amene dziko la Malawi amangolimva m'nkhani. Fodya, chimanga ndi mkaka wa ku Goromonzi, Bromley, Melfort ndi Ruwa, pamodzi ndi golide wa ku Arcturus, zinadutsa m'manja mwa anthu amenewa.

Koma dziko limene analikhetsera thukuta linachedwa kuwayesa ake. Ankaitanidwa ndi mayina onyoza monga mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndipo ziphaso zawo zinkalembedwa kuti ndi alendo ngakhale mchombo wawo unagwera pa famu pomwepo. Kulanda ndi kugawa minda kumene kunayamba m'chaka cha 2000 kunasiya antchito ambiri opanda ntchito ndiponso opanda munda, pakuti iwo analibe mfumu kapena mudzi woti n'kuthawirako. Lamulo la unzika la 2001 linathira tsabola pachilonda, poti ambiri obadwa kwa makolo ochokera kunja anauzidwa kuti akakane unzika wa mayiko amene sanawaonepo n'komwe. Papepala zinthu zinasintha mu 2013. Malamulo aakulu atsopano a dziko la Zimbabwe anavomereza kuti munthu amene anabadwira m'dzikomo kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo ankakhala momwemo, ndi nzika. Malamulo omwewo anavomereza zinenero 16, ndipo potsata alifabeti, Chichewa ndicho chili poyamba pa mndandandawo.

Mbiri imeneyi akatswiri aifufuza. Mwachitsanzo, Anusa Daimon analemba kafukufuku wamkulu wa Amalawi a ku Zimbabwe mu 2015. Komabe zolemba zotere zili m'Chingerezi ndipo zimakhala m'malaibulale a mayunivesite. N'zomvetsanso chisoni kuti ngakhale Goromonzi ndi kumene kunatsegulidwa sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda mu 1946, ana ambiri a m'makomboni oyandikana nayo ankalekezera maphunziro m'makalasi oyambirira a sukulu za pa famu. Motero mbiri ya eni ake inatsala pakamwa pa agogo, ndipo agogowo akutha. Apa ndiye pagona yankho langa: chuma cha mtsikana uja si mawu okoma okha ayi, koma nkhani imene wina aliyense ku Harare alibe, ndi chinenero chimene anthu mamiliyoni ambiri amamva m'mayiko anayi. Wofuna kumanga ntchito ya ulakatuli ayambire pa chuma chimenechi.

Oimba anatsegula kale njira

Amene akukayika kuti luso lingamere pa komboni ayang'ane nyimbo za sungura. Nicholas Zakaria, mwana wa makolo ochokera ku Malawi, anakulira pa famu ku Mazowe ndipo anatsogolera gulu la Khiama Boys kuyambira m'zaka za m'ma 1980. M'gulu limeneli ndimo munakhwimira Alick Macheso, amene anabadwa mu 1968 ndi kukulira m'mafamu a ku Shamva, asanayambitse gulu lake la Orchestra Mberikwazvo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pafupi ndi Goromonzi pomwepa, abale awiri Daiton ndi Josphat Somanje anatchukira ku Marondera ndi gulu la Pengaudzoke. Onsewa ankalowetsa Chichewa m'nyimbo zawo, ndipo Ashona ankavina osafunsa chiphaso.

Tikayang'anitsitsa ulendo wa oimbawa tiona zinthu zitatu. Sanayambe n'kukhala akatswiri. Anayamba n'kuphunzira pansi pa anzawo kwa zaka zambiri. Sanadikire kuti holo zazikulu za m'tauni ziwaitane. Anthu awo oyamba anali a m'mafamu, m'migodi ndi m'misika ya kumidzi, ndipo anthu amenewa ndiwo anawanyamula mpaka mzinda unachita kuwafuna. Komanso sanachite manyazi ndi kumene anachokera. Ndikudziwa kuti gitala amaitana anthu mwamsanga kuposa ndakatulo, ndipo mlakatuli sangadzaze bwalo la mpira monga woimba. Koma njira yake ndi yomweyo.

Zimene Harare angapereke ndi zimene sangapereke

Achinyamata ambiri akamva za ndakatulo zolakatula pagulu, zimene pa Chingerezi amati spoken word, maso awo amathamangira ku Harare. Sakulakwa kwenikweni. Kumeneko kunali Book Café, malo amene Paul Brickhill ndi anzake anatsegula m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira mu 2005 bungwe la Pamberi Trust linkachititsa pamenepo mpikisano wa alakatuli wa House of Hunger Poetry Slam. Alakatuli monga Comrade Fatso ndi Outspoken anamveka kwambiri m'nyengo imeneyo, ndipo bungwe lawo la Magamba Network, limene linayamba mu 2007, linakhazikitsa chikondwerero cha Shoko mu 2011. Nalo bungwe la boma loona za luso, National Arts Council of Zimbabwe, lili ndi gawo la alakatuli pa mphoto zake za NAMA.

Koma taonani: Book Café inalandira mphoto yapamwamba ya Prince Claus mu 2011, Brickhill anamwalira mu 2014, ndipo mu 2015 malowo anatsekedwa. Ngati nyumba yotchuka chotero inagwa kaamba ka mavuto a zachuma, mlakatuli amene wakoleka moyo wake wonse pa nsanja imodzi ya m'tauni wamanga pa mchenga. Ndi bwinonso kudziwa kuti ngakhale akuluakulu a lusoli sanayambe n'kudya ndakatulo zokha. Chirikure Chirikure, amene amalakatula m'Chishona motsatana ndi mbira, anagwira ntchito ya ukonzi wa mabuku ku College Press zaka zambiri. Albert Nyathi, amene anatchuka polakatula pamodzi ndi gulu lake la Imbongi, anagwirapo ntchito ku National Arts Council. Ku Harare kuli kophunzira ndi kodziwana ndi anthu, koma malipiro a mwezi ndi mwezi a mlakatuli kulibe.

Tikatembenukira kumudzi kwa makolo tipeza phunziro lina. Ku Malawi ndakatulo za m'Chichewa zili ndi msika wake. Kalekale mu 1963 E.J. Chadza anatulutsa buku la ndakatulo limene analitcha Ntchito ya Pakamwa, ndipo dzina lokhalo likuyankha kale funso la mtsikana uja. Benedicto Wokomaatani Malunga anafikitsa ndakatulo m'makomo mwa anthu kudzera pa wailesi ya MBC ndi m'makaseti, uku akugwira ntchito ku Yunivesite ya Malawi. M'badwo wa Robert Chiwamba unazifikitsa m'mafoni ndi m'maminibasi. Omvera amenewa, pamodzi ndi a ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Tete, ali ndi achibale amene anatchona ku Harare ndipo sanamvenso za iwo. Ndakatulo yochokera ku komboni ya ku Goromonzi ikawafika pa WhatsApp, adzaimvera ngati kalata yochedwa zaka 60.

Kumanga ntchito njerwa ndi njerwa

Tsono mdzukulu wanga, ngati wasankha njira imeneyi, choyamba khala pansi ndi akuluakulu akadali moyo. Mawu a akulu akoma akagonera, koma sagonera m'manda. Tenga foni, upemphe chilolezo, ujambule mawu awo. Uwafunse dzina la mudzi ndi la mfumu ya kwawo, mfunda wawo, njira imene anadzera, ndi zimene ankadya chaka cha chilala cha 1992. Ufunse amayi okalamba za ntchito yosoka ndi kusankha fodya ali ndi mwana kumsana. Pochita zimenezi udzapeza nkhani, ndipo Chichewa chako, chimene panopa chikutsamira pa Chishona, chidzalimba. Usadzione wochepa chifukwa cha kusakaniza zinenero, pakuti ndimo mmene anthu ako amayankhulira. Chofunika n'chakuti usakanize mwadala, osati chifukwa chosowa mawu.

Chachiwiri, luso limafuna thukuta. Ndakatulo ya pa maliro ija inagwira anthu mtima chifukwa chisoni chinali kale m'mitima mwawo. Pamaso pa alendo amene sakudziwa agogo ako, mawu okha ndiwo adzakugwirira ntchito. Gula kope, ulembe, ufafanize, ulembenso. Loweza pamtima, ndipo ulakatule mokweza uli kumunda kapena pochokera kotunga madzi, kuti udziwe popumira ndi mawu amene akukola lilime. Yesa ndakatulo iliyonse pamaso pa anthu amene sangakunyengerere. Ukaona ana ayamba kusewera ndipo akulu akuyang'ana mafoni, dziwa kuti yatalika. Ndi bwino kukhala ndi ndakatulo 10 zakupsa, za maliro, za ukwati, za sukulu, zoseketsa ndi zodzudzula, kusiyana ndi 100 zosapsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, nsanja zako zoyamba zili pafupi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuli maukwati ndi zinkhoswe, kuli miyambo yovundukula ziliza, kuli masiku opereka mphoto m'sukulu, kuli misonkhano ya mabungwe a maliro amene machona anayambitsa kuti aziikana mwaulemu. Kuli mipingo monga CCAP ya Sinodi ya Harare, imene inamera pakati pa anthu ochokera ku Nyasaland ndipo Chichewa si chachilendo m'menemo. Kuli misonkhano ya antchito a m'mafamu ndi bungwe lawo la GAPWUZ. Wailesi ya National FM imaulutsa m'zinenero zambiri za m'dzikomo, kuphatikizapo Chichewa, ndipo palibe cholakwa kugogoda pakhomo pake uli ndi ndakatulo yojambulidwa bwino. Dzina likamveka ku Juru, ku Ruwa ndi ku Arcturus, ulendo wa pa kombi wopita ku Harare udzakhala wa munthu amene ali ndi anthu kumbuyo kwake.

Chachinayi, phunzira kutchula mtengo. Ndili mnyamata ndinaitanidwa ndi bungwe lina kukalakatula pa mwambo waukulu. Wobwereketsa zimkuzamawu analipidwa, ophika analipidwa, alendo olemekezeka analandira ndalama za mafuta, koma ine ndinabwerako ndi malaya olembedwa uthenga wa bungwelo ndi mbale ya mpunga, ndipo ndalama yokwerera basi ndinachita kukongola. Cholakwa chinali changa chomwe, poti sindinafunse tisanayambe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musanapangane tsiku, funsa kuti alipira zingati, liti, ndipo mayendedwe ali pa yani. Pangano likhale lolembedwa, ngakhale mu uthenga wa pafoni. Pempha kuti gawo lina alipiriretu, pa EcoCash kapena pamanja. Sunga kabuku kolemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kuti pakutha pa chaka udziwe ngati ntchitoyo ikukudyetsa kapena ndiwe amene ukuidyetsa. Pa maliro a mnansi, ndakatulo ndi chipepeso chako ndipo sulipiritsa. Koma amene ali ndi ndalama ya mahema ndi mipando alinso ndi ndalama ya mlakatuli.

Chachisanu, jambula ntchito yako ndi kuiteteza. Lamulo la umwini wa zaluso limateteza ntchito imene yalembedwa kapena kujambulidwa, choncho ndakatulo yongokhala m'mutu n'njovuta kuiikira umboni wina akaiba. Lemba tsiku pa tsamba lililonse, ndipo potumiza mawu pafoni uyambe ndi kumaliza n'kutchula dzina lako, chifukwa uthenga ukayenda m'mafoni 20 mwini wake amaiwalika. Sikofunika situdiyo yodula poyamba: chipinda chachete usiku ndi foni yabwino n'zokwanira. Ukadzayamba kuika nyimbo pansi pa ndakatulo, ukafunse ku ZIMURA, bungwe limene limatolera ndalama za eni nyimbo zikaulutsidwa ku Zimbabwe, monga momwe COSOMA imachitira ku Malawi. Udziwenso kuti kutchuka pa Facebook, pa TikTok kapena pa YouTube si ndalama ayi. Kumeneko ndi kosasa malonda. Ndalama imabwera pamene wina wakuona n'kukuitana ku mwambo wake.

Pali chinthu china chimene mlakatuli wa m'tauni saganizako koma wa pa komboni ayenera kuyambira pomwepo: chiphaso. Popanda kalata ya kubadwa ndi chitupa cha unzika sungalembetse nambala ya foni m'dzina lako, sungatsegule akaunti ku banki, sungapeze pasipoti yopitira ku chikondwerero cha ku Lilongwe kapena ku Blantyre. M'mafamu muli mabanja amene agogo analibe mapepala, choncho ana ndi adzukulu alibenso. Ufulu umene malamulo a 2013 anapereka umayamba kugwira ntchito munthu akapita ku ofesi ya kalembera. Ulendo umenewu ungakhale wotopetsa, koma ndiwo ulendo woyamba wa ntchito yako.

Chachisanu ndi chimodzi, usataye khasu. Ulimi wa fodya uli ndi nyengo zake: kuwokera mvula ikayandikira, kuthyola ndi kuwotcha m'mabalani kuyambira cha m'Disembala, kenaka kusankha ndi kumanga mabelo. Ndalama zimayenda m'mafamu okushoni ikatsegulidwa cha m'Malichi, ndipo maukwati ndi miyambo yambiri imachitika m'chilimwe. Wanzeru amagwira ganyu nthawi ya ntchito, n'kusunga yogulira foni yabwino, ndipo amalakatula nthawi imene anthu ali ndi kanthu m'thumba. Ndiponso usayende wekha. Mutu umodzi susenza denga: achinyamata asanu angasonkherane ya kombi, angabwerekane foni imodzi, angadzudzulane ndakatulo. Kwa mwana wamkazi, gulu ndi chitetezo. Zochitika zambiri za m'tauni zimatha usiku, ndipo si onse olonjeza kukukweza amene akufuna ndakatulo zako.

Minga ya m'njira

Munga woyamba ndi ndakatulo zochita kuitanitsa. Mabungwe amafuna mlakatuli pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira Edzi, pa 16 Juni, tsiku la mwana wa mu Africa, ndi m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi kuyambira pa 25 Novembala. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo imalipira. Koma ndaona alakatuli aluso atasanduka zikwangwani zoyenda, akungobwereza mawu a m'mapepala a mabungwe mpaka anthu kuleka kuwamvera. Ukapatsidwa mutu wa maukwati a ana, usalakatule ndondomeko ya bungwe. Lakatula za mnzako amene munali naye m'kalasi ndipo lero ali ndi ana atatu. Uthenga udzafika, ndipo mawu adzakhalabe ako.

Munga wachiwiri ndi woopsa koposa. Ndakatulo yonena zoona imakhumudwitsa amphamvu. Ku Malawi, Jack Mapanje anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Pa famu ngozi yake ili pafupi kwambiri, chifukwa nyumba imene banja likugonamo ndi ya mwini munda, ndipo ndakatulo imodzi yotchula munthu dzina ingachititse kuti amayi ako agone panja. Sindikunena kuti ukhale chete pa za malipiro ochedwa, mankhwala opopera popanda zodzitetezera, kapena ana osiya sukulu nthawi yothyola fodya. Ndikunena kuti uphunzire kwa makolo, amene ankadzudzula mfumu kudzera mwa Kalulu ndi Fisi, wolakwa n'kudzimva yekha. Nthawi ya chisankho andale adzabwera ndi ndalama kuti uwatame. Ukumbukire kuti chisankho chimatha, koma anthu a pa komboni, a zipani zonse, udzakhala nawobe.

Munga wachitatu uli m'nyumba mwathu momwe. Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ndiye anasunga umunthu wa machona m'mafamu ndi m'migodi, ndipo bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Alendo a m'tauni ndi a kunja amachita naye chidwi, ndipo adzakunyengerera kuti uulule za kudambwe kuti ndakatulo ikome. Usagulitse zimene si zako. Pali zambiri zoti unene za bwalo, za ng'oma ndi za amayi oimbira gule popanda kukhudza zinsinsi za eni ake.

Kwa makolo ndi kwa a mabungwe

Amayi a mtsikana uja ndikuwamvetsa. M'boma lomweli la Goromonzi muli mgodi wa lithium wa Arcadia, umene kampani ya ku China ya Huayou Cobalt inagula mu 2022 pa mtengo wa madola 422 miliyoni a ku America, ndipo fakitale yake inatsegulidwa mu 2023. Kholo limene lakhala moyo wonse likudikira malipiro a pa famu likaona magalimoto akuluakulu akudutsa, n'chifukwa chiyani lisafune kuti mwana wake akalembedwe kumeneko? Ntchito ikapezeka, aigwire. Pempho langa kwa makolo n'lakuti musamulande kope. Mpatseni madzulo ake ndi Loweruka lake, ndipo pakatha zaka ziwiri mukhale naye pansi muone kabuku ka ndalama kaja. Pamenepo mudzaweruza ndi umboni.

Kwa inu a mabungwe a chitukuko, a makhonsolo, a sukulu ndi a makampani, nkhani ndi yachidule. Mumadandaula kuti uthenga wanu sufika kwa anthu a m'mafamu, pamene mapepala anu mumawalemba m'Chingerezi ndi m'Chishona chokha. Pakati pa anthuwo pali achinyamata amene angaimitse khamu ndi pakamwa pokha. Alembeni ntchito, ndipo powerengera ndalama za mwambo, mlakatuli akhale ndi mzere wake pafupi ndi wa zimkuzamawu. Aphunzitsi nawo angathandize potsegula kalasi imodzi masana kuti magulu a alakatuli azikumaniramo, ndi kugwiritsa ntchito masiku monga 21 Febuluwale, tsiku la chinenero cha makolo, ndi 21 Malichi, tsiku la ndakatulo, kuti ana a pa komboni amveke m'chinenero cha kwawo. Chinenero chimene chili m'malamulo a dziko koma sichimveka pa bwalo la sukulu chikadali mlendo.

Tsono kodi mawu amadyedwa? Yankho loona n'lakuti ndi ochepa kwambiri amene adzakhalira ndakatulo zokha, ndipo sindingalonjeze mtsikana uja kuti adzakhala mmodzi wa iwo. Chimene ndingalonjeze n'chakuti wochita lusoli mwadongosolo angapezemo ya sopo, ya fizi ya mng'ono wake, ndi dzina limene lingamutsegulire makomo a ntchito zina monga kuwulutsa mawu pa wailesi, kuyendetsa miyambo, kuphunzitsa ndi kumasulira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndisanachoke pa famupo ndinafunsa za nsapato zija. Anandiuza kuti banja linagwirizana zoti zisaikidwe m'bokosi, ndipo anazipereka kwa mdzukulu wolakatulayo. Pa komboni imeneyo patsala okalamba atatu okha amene anabadwira ku Nyasaland. Ndinamuuza mtsikanayo kuti za ku Harare zidikire, ayambe wapita kwa atatuwo sabata yomweyo, foni ili m'manja.